Ulendo wa Tsiku Limodzi ku Nyanja ya Chilwa

(NYIMBO YOTSEGULIRA: ng'oma za tchopa, kenako zitsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu yophunzitsana za malo a dziko lathu. Lero tikupita kunyanja, koma osati ku Mangochi kapena ku Salima ayi. Tikupita ku nyanja ya pakhomo pathu pompano, Nyanja ya Chilwa.

Ambiri a ife kuno ku Phalombe tinakulira matemba a ku Chilwa. Timawagula pamsika wa Migowi, timawathira tomato ndi kamchere, nsima n'kutsetsereka. Koma mutafunsa m'kalasi kuti ndi angati anaimapo pagombe n'kuiona nyanjayo ndi maso, mikono ingakwere yowerengeka. Choncho m'mphindi zikubwerazi tithandizana kukonza ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwerako madzulo a tsiku lomwelo, kaya ndi wa banja, wa kwaya, wa gulu la banki m'khonde kapena wa aphunzitsi ndi ophunzira awo. Mfundo imene ndikufuna muigwiritse ndi iyi: ulendo wa ku Chilwa saukonzera pa mapu. Amaukonza pofunsa za madzi, za mphepo ndi za anthu a kumeneko.

(NYIMBO: pang'ono chabe)

WOULUTSA: Tiyambe taidziwa nyanjayo. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, ndipo imakhudza maboma atatu, Phalombe, Zomba ndi Machinga, pomwe kuvuma kwake yagundana ndi dziko la Mozambique. Ili ngati lichero: yotambalala kwambiri koma yosazama. Malo ambiri madzi ake sapitirira mamita awiri kapena atatu, ndipo pansi pake ndi matope okhaokha.

Mitsinje yothira m'nyanjayi ilipo yambiri. Kuno kwathu kuli Phalombe ndi Sombani, amene amadzera ku dziwe la Mpoto. Ku Zomba kumachokera Likangala, Thondwe ndi Domasi, ndipo ku Mozambique kumachokera Mnembo. Koma mtsinje wotulutsa madzi palibe ndi umodzi womwe. Madzi akalowa mu Chilwa amachoka pouma ndi dzuwa basi, ndipo mchere umene abwera nawo kuchokera m'mapiri umatsalira momwemo. N'chifukwa chake madzi a pakati pa nyanjayi amamveka kamchere, makamaka m'chilimwe.

Kusazama kumeneku ndi kumene kumapangitsa kuti Chilwa izisintha chaka ndi chaka. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imathawa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gwaa pouma, anthu n'kumayenda pansi pamene kale ankapalasa. Komatu madzi saiwala khwawa. Mvula itabwerera nyanja inadzaza, ndipo namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, uja anatisiyira misozi kuno ku Phalombe, madzi anakwera mpaka kumiza minda ndi malo ena amene kale anali pamtunda.

Kwa inu okonza ulendo, phunziro lake ndi lakuti gombe limene mnzanu analiona zaka zitatu zapitazo mwina lero lili pena. Musananyamuke imbirani munthu wa kumeneko, kaya ndi wogulitsa nsomba amene mumamudziwa pamsika, mphunzitsi wa sukulu yakufupi ndi nyanja, kapena a ofesi ya zausodzi paboma. Mafunso ake ndi atatu: madzi afika pati, msewu ukudutsika, nanga maboti akuyenda? Safunsa anadya phula.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Tsopano nyengo yake. Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, dambo la Chilwa limakongola zedi. Mpunga uli biriwiri, mbalame zili mbwee, zina zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia pothawa chisanu cha kwawo. Koma nthawi yomweyo misewu yafumbi yopita kunyanja imasanduka matope a makande, oterera ndi omata, moti galimoto ikatitimira mukhoza kuswera pomwepo. Ndi nthawi yomweyonso imene boma limatseka usodzi wa makoka, kuyambira mwezi wa Disembala, kuti nsomba ziswane. Ndiye ngati cholinga chanu n'kukaona phokoso la padoko, dzinja si nthawi yake.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti misewu imakhala itauma, nyanja ikadali yodzaza, kunja kukuzizira bwino, ndipo kumwamba kumayera moti mapiri amaoneka patali. Imeneyi ndiyo nyengo yabwino. Vuto lake ndi limodzi, mphepo ya mwera. Nyanja yosazama siichedwa kuvunduka. Mwera ukaomba, mafunde ake amakhala aafupiafupi, obwera motsatizana, ndipo bwato laling'ono silipeza mpata wopuma. Choncho madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, tcherani khutu ku uthenga wa nthambi yoona zanyengo pawailesi. Akachenjeza za mwera panyanja zathu, musawoloke. Pagombe mukhoza kupita, koma m'boti ayi.

Seputembala mpaka Novembala ulendo umathekabe, kungoti kumatentha kwambiri, madzi amakhala atabwerera m'kati, ndipo kuti mufike pamene pali boti nthawi zina mumayamba mwapondaponda matope.

Nyengo iliyonse imene mwasankha, lawirirani. Nyanja imakonda kudekha m'mawa, mphepo n'kumakula dzuwa likapendeka. Asodzinso amafika ndi nsomba m'mawa. Wofika padoko 11 koloko amapeza mamba okhaokha.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za kukonza ulendo wa tsiku limodzi wa ku Nyanja ya Chilwa. Tafika pa funso lakuti tilowere kuti. Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri, ndipo malangizo anga ndi akuti musankhepo imodzi. Kufuna zonse tsiku limodzi n'kuthera tsiku pamsewu.

Njira yoyamba ndi ya mbali yathu ino, kummwera kwa nyanja. Kuchokera pa Migowi mumalowa msewu wafumbi wopita dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo, cha ku Nambazo, mpaka kukafika ku gombe la Swang'oma. Galimoto yokwera m'mwamba ndiyo yoyenera, ndipo kwa anthu awiri kapena mmodzi, njinga yamoto ya kabaza imafika. Ulendo umenewu ndi wotsika mtengo ndipo sufuna kuwoloka.

M'njiramo muli zoti aphunzitsi aimitse galimoto n'kulozera ana. Mukayang'ana kumbuyo muona phiri la Michesi, kumene kunachokera napolo wa mu Malichi 1991, ndipo kuseri kwake kuli Mulanje ndi nsonga yake ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002. Kutsogolo, pakati pa chigwa chathyathyathya, pali timapiri tongoima patokhapatokha. Timapiri timeneti si wamba. Tundulu lili ndi miyala ya fosifeti, imene amapangira feteleza. Songwe, pafupi ndi phiri la Mauzi, lili ndi miyala yosowa imene amapangira maginito a m'galimoto zoyendera magetsi, ndipo kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza kumeneko kwa zaka zambiri. Mwana amene waona Tundulu ndi maso ake sadzaiwalanso phunziro la miyala ya m'nthaka.

Njira yachiwiri ndi ya iwo amene akufuna kukwera phiri lozingidwa ndi madzi, ku chilumba cha Chisi. Chisi chili m'boma la Zomba, m'dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira, ndipo khomo lake ndi doko la Kachulu. Kuchokera kuno mumatsata msewu wa tala wodzera ku Jali kulowera ku Zomba, kenako n'kupatukira msewu wafumbi wa ku Kachulu, doko limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba. Njira imeneyi ndi yaitali, ndiye pofika 5 koloko m'mawa mukhale muli pamsewu.

Ena amafunsa ngati angaphatikizepo Fort Lister, linga lija linamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo. Malowo ndi oyenera kuwaona ndithu, koma apatseni tsiku lawolawo.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Tiyerekeze kuti mwafika padoko dzuwa litangotuluka. Choyamba kukulandirani ndi fungo, la utsi wa nkhuni ndi la nsomba zaziwisi. Mabwato akutulukira m'tinjira ta pakati pa njedza, wopalasa ataimirira kumbuyo, akukankha ndi nsungwi yaitali imene ikufika pansi. Bwato lisanagunde n'komwe pamtunda, amayi a geni alowa kale m'madzi, zitenje atakwinyira m'maondo, mabeseni ali m'manja, aliyense akuitana msodzi wake. Pamtunda matemba ayanikidwa pa thandala, akunyezimira, mwana ali pambali ndi kamtengo kuingitsa akhwangwala. Chapatali pang'ono milamba yopindidwa yandandalikidwa pa waya, moto ukufuka pansi pake.

Nsomba za Chilwa zodziwika ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Zitatuzi ndi zopirira. Nyanja ikaphwa zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi za m'dambo, madzi akabwerera n'kuswananso mofulumira. Pa zaka zabwino, nyanjayi inkapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Ku Kachulu ndi ku Swang'oma mufunsenso za magulu a amayi amene anaphunzira kuumitsa matemba m'nyumba za pulasitiki zogwiritsa ntchito kutentha kwa dzuwa, njira yoteteza nsomba ku fumbi ndi ntchentche ndiponso yopulumutsa mitengo.

Mukalowa m'kati mwa nyanja mudzaona zimbowera. Izi ndi tinyumba ta asodzi tomangidwa pamwamba pa njedza zopindidwa ndi kusanjikizidwa, toyandama pamadzi. Msodzi amakhala m'menemo masabata, ngakhale miyezi, akuphika, kugona ndi kuwamba nsomba pomwepo. Chimbowera ndi nyumba ya munthu. Musachiyandikire ngati chionetsero. Perekani moni, ndipo mwini wake akalola m'pamene mungajambule.

Tsopano za boti. Apa m'pamene pagona moyo wanu, ndiye musachite manyazi kufunsa. Mverani chitsanzo ichi.

(MAWU A PADOKO: madzi, anthu akuitanizana chapatali)

MLENDO: Zikomo bambo, mwadzuka bwanji?

MWINI BOTI: Tadzuka bwino, kaya inu mayi?

MLENDO: Tadzuka. Ife ndi alendo, tachokera ku Phalombe, tilipo asanu ndi atatu. Timafuna tikaone ku Chisi n'kubwerako lero lomwe. Nyanja ili bwanji?

MWINI BOTI: Pakadali pano yagona. Koma masiku ano ikumadzuka masana. Mukafuna kubwerako bwino, 2 koloko tikhale tanyamuka kutsidyako.

MLENDO: Boti lanu limanyamula anthu angati? Nanga majekete odzitetezera pamadzi alipo okwanira tonse, ndi ana omwe?

MWINI BOTI: Alipo asanu ndi limodzi. Awiriwo ndibwereka kwa anzangawa.

MLENDO: Chabwino bambo, tidikira abwere kaye. Mtengo tigwirizane wa kupita ndi kubwera. Theka tipereka pano, theka tikabwerako. Mutipatsenso nambala yanu ya foni.

(MAWU A PADOKO ATHE)

WOULUTSA: Mwamva mmene achitira mayiwa. Ayamba ndi moni, afunsa za nyanja kwa mwini wake, awerenga majekete, agwirizana za nthawi yobwerera ndi mtengo asanakwere. Onjezanipo izi: boti likadzaza kale ndi matumba, njinga ndi anthu mpaka madzi kufika m'milomo mwake, dikirani lina. Muone kuti muli nkhafi ndi chokapira madzi, kuchitira kuti injini ingazime. Woyendetsa akamamveka mowa, musakwere. Ndipo mukakhala pansi, khalani pomwepo. Kuimirira kuti mujambule bwino n'kumene kumapendeketsa boti.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Mwawoloka, mwafika pa Chisi. Musathamangire kuphiri. Pachilumbapa pali midzi, sukulu, minda ndi manda. Mlendo amayamba waonekera kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a padoko, kunena kumene wachokera ndi chimene wadzera. Pemphani munthu wa pomwepo, mnyamata kapena mtsikana wodziwa njira, akutsogolereni, ndipo pomaliza mumuthokoze ndi kangachepe. Iyeyo ndi amene angakuuzeni njira yosaterera, malo osafunika kupondapo, ndi mbiri ya chilumbachi monga amaikambira eni ake.

Kwerani kusanatenthe, mwapang'onopang'ono, mukupumira pamithunzi ya milambe. Valani nsapato zogwira, osati zofewa za kubafa. Mukafika pamwamba, tembenukani mbali zonse zinayi. Kuzambwe kuli phiri la Zomba. Kummwera kuli Mulanje ndi Michesi, kwathu. Kuvuma kuli mapiri a ku Mozambique. Kumpoto kuli mapiri a Chikala, ndipo kupitirira dambo kuli mchenga wautali umene unalekanitsa Chilwa ndi Nyanja ya Chiuta, pamene padutsa njanji yopita ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. Pansi panu madzi ali nyezinyezi, mabwato akuoneka ngati timadontho.

Aphunzitsi, pamwamba pamenepo ndi kalasi yokwana. Auzeni ana kuti David Livingstone ndi John Kirk anafika panyanjayi mu Epulo 1859, miyezi isanu asanaone Nyanja ya Malawi, ndipo anapeza anthu akukhala ndi kusodza kale m'mphepete mwake. Auzeni kuti mu 1971, mumzinda wa Ramsar ku Iran, maiko anasainirana pangano loteteza madambo ofunika, ndipo Chilwa ndiwo anali malo oyamba a Malawi kulowa m'kaundula wa panganolo. Mu 2006 bungwe la UNESCO nalonso linaika dambo la Chilwa pa mndandanda wa malo amene anthu ndi chilengedwe ayenera kukhalira limodzi mosamalirana. Chachikulu chimene chinakopa dziko lapansi ndi mbalame, mitundu yoposa 150. Apatseni ana kope ndi pensulo, alembe zimene aziona: akakowa, atsekwe, zipweyo, avuwo, ndipo mwamwayi nkhwazi. Kenako afunseni kuti mitengo ikatha m'mapiri a Zomba ndi Michesi, dothi lokokoloka limakathera kuti. Yankho lake adzakhala akuliyang'ana.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Tisanatseke, tinene za kamba ndi za umoyo, chifukwa ulendo wabwino ndi umene munthu wabwerako wathanzi.

Madzi akumwa nyamulani kunyumba, owiritsa kapena othira klorini, okwanira tsiku lonse. Madzi a m'nyanja musamwe ngakhale ludzu litakula bwanji. Dera la Chilwa lakhala likuvutika ndi kolera kawirikawiri, makamaka pakati pa asodzi a m'zimbowera, moti mu 2016 kunachitika katemera wapadera wa kolera wa asodzi a panyanjayi. Tengani sopo, sambani m'manja musanadye, ndipo m'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi ORS. Nsomba idyeni yootcha kapena yokazinga bwino, ikadali yamoto. Kamba wosavuta ndi mbatata yophika, chinangwa, nthochi, mtedza ndi thobwa.

Ana adzafuna kusambira. Akanizeni mwachikondi. Madzi odekha a m'mphepete, momwe muli udzu, ndiwo amakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ngati wina walowa m'madzi, ndipo patapita masabata akumva kuwawa pokodza kapena akuona magazi, apite kuchipatala msanga. Mankhwala ake alipo. Chipewa kapena ambulera musaiwale, pakuti panyanja palibe mthunzi, ndipo m'miyezi yozizira tengani juzi. Dzuwa likamalowa udzudzu wa kudambo umatuluka wambiri, chimene ndi chifukwa chinanso chobwererera msanga.

Ndalama zigaweni panayi musanachoke pakhomo: ya galimoto, ya boti, ya chakudya ndi nsomba, ndi ina yapadera yosakhudza, yodikira zadzidzidzi. Mitengo imasintha ndi mtengo wa mafuta, ndiye ifunseni sabata yomweyo. Nyamulani ndalama zosinthasintha m'manja, chifukwa netiweki ya Airtel Money kapena Mpamba siidalirika paliponse. Foni ikhale yodzaza moto, muikulunge m'pulasitiki. Akuluakulu atenge chiphaso cha unzika, popeza dera limeneli ndi la m'malire. Kunyumba siyani mawu: tapita kwakuti, ndi auje, tibwera nthawi yakuti. Atsogoleri a gulu, lembani maina a onse, ndipo muziwerenga anthu pokwera ndi potsika paliponse. Ana asukulu asapite popanda chilolezo cha makolo, ndipo pa ana khumi alionse pakhale wamkulu mmodzi.

Pomaliza, khalidwe lathu. Anthu a kunyanja ali pantchito, si kuti akusewera. Gulani nsomba zawo pa mtengo woyenera, kunenerera kulipo koma kosapondereza. Musagule tinsomba tating'onoting'ono togwidwa ndi neti ya udzudzu, chifukwa neti imeneyo anaipangira kuteteza ana ku malungo, ndipo m'madzi imasesa ndi mbewu yomwe. Musagule mbalame zogwidwa nthawi yoswana. Mabotolo ndi majumbo amene mwapita nawo mubwere nawo. Kumbukirani kuti nyanja iyi ilibe potulukira, ndiye chimene mwataya m'madzimo chikhala momwemo.

(NYIMBO YOTSEKERA iyambe chapansipansi)

WOULUTSA: Omvera athu, tibwereze mwachidule. Funsani za madzi ndi msewu musananyamuke. Sankhani miyezi youma ndipo mverani za mwera. Tengani njira imodzi, Swang'oma kapena Kachulu ndi Chisi. Lawirirani, ndipo mubwerere dzuwa likadalipo. Popanda jekete musakwere boti. Madzi akumwa achokere kunyumba. Lemekezani eni dera.

Makolo ndi aphunzitsi, mwana sangasamale nyanja imene sanaione. Chaka chino chisathe musanawatengere ana anu ku Chilwa. Khalani pansi sabata ino, sankhani tsiku, yambani kusonkha pang'onopang'ono, ndipo mukapita mudzatiuze zimene mwaona.

(NYIMBO YOTSEKERA ikwere mpaka kumapeto)